Kumangitsa nati si kuteteza moyo

Aliyense amene anasinthitsapo tayala m'magalaja a m'mbali mwa msewu wa M1, kuyambira ku Songwe mpaka ku Chilumba, akudziwa mmene ntchitoyi imathera. Mnyamata amalowetsa paipi yaitali pa sipanala, n'kukwerapo ndi miyendo yonse mpaka nati italira. Mwini galimoto amagwedeza mutu mokhutira, ati apa ndiye zamangika.

Tiyeni tiwerengetsere. Mphamvu yomangira nati imayezedwa mu Nm. Mukakoloweka katundu wa makilogalamu 10 kumapeto kwa sipanala yotalika mita imodzi, mwamanga ndi mphamvu pafupifupi 100 Nm. Manati a tayala la galimoto zing'onozing'ono zambiri za Toyota amafuna 103 Nm basi. Tsono mnyamata wolemera makilogalamu 70 akaima pa paipi ya mita imodzi, waikapo mphamvu yoyandikira 700 Nm, yoposa ndi yomwe yomangira matayala a mathiraki ambiri ochokera ku Dar es Salaam aja.

Bawuti imagwira chifukwa imatamuka pang'ono ngati mphira, n'kumakoka zitsulo ziwirizo pamodzi. Mukaikoka mopitirira muyeso sibwereranso m'chimake, imaonda, mazinga amaphwanyika. Tsiku lomwelo siithyoka ayi. Imadikira maenje, kutentha kwa ku Karonga kuno ndi matumba a mpunga wa Kilombero, kenako n'kudzaduka minibasi ikukhota pa Chiweta, anthu ali thothotho. Tikamva kuti tayala linafwamphuka timathamangira kunena kuti sanamange. Nthawi zina vuto limakhala loti anamangitsa.

Mankhwala ake ndi sipanala yoyeza mphamvu, imene amakaniko amaitcha torque wrench. Yofala kwambiri ndi ija mumapotokola chogwirira kufika pa nambala yomwe mukufuna, ndipo mphamvu ikakwana imalira kuti "tha!" Ikalira, lekani pomwepo. Ena amati aonjezereko pang'ono kuti mtima ukhale m'malo. Nanga munaiguliranji?

Pogula, yambani mwadzifunsa ntchito yanu. Wa matayala a galimoto zazing'ono asankhe ya hafu inchi, yoyeza kuyambira cha m'ma 40 mpaka 200 Nm. Wokonza njinga zamoto za kabaza, kapena injini za maboti a asodzi ku Ngara, afunika yaing'ono, chifukwa mabawuti ambiri kumeneko ndi ang'onoang'ono ndipo amalowa m'chitsulo chofewa cha aluminiyamu. Pulagi ya njinga ikamangidwa ndi dzanja lolemera, mazinga a mu injini amatha, wakabaza n'kukhala masiku osagwira ntchito ngongole ya njinga ikumudikira. Sipanala yaikulu siyeza bwino manambala a pansi penipeni, choncho imodzi singagwire zonse. Onetsetsaninso manambala olembedwapo: zina zimalembedwa mu ft-lb, ndipo 1 ft-lb ndi 1.36 Nm. Wosokoneza ziwirizi amamangitsa kwinaku akudzitama kuti wayeza.

Chida chimenechi n'chosachedwa kunyanyala. Si chomasulira manati ouma dzimbiri, si nyundo, ndipo sachilumikiza paipi. Mukamaliza ntchito bwezerani chogwirira pa nambala yotsikitsitsa kuti sipuling'i ya m'kati isatope. Ikagwa pansi, ikayerekezeni ndi ya mnzanu musanaikhulupirirenso. Musapake girisi kapena oyilo pa mabawuti a tayala pokhapokha buku la galimotolo litanena, chifukwa mafuta amachititsa kuti bawuti ikokedwe kwambiri sipanala isanalire.

Manati amangidwe modumphadumpha, ina kuno ina tsidya, osati motsatana mozungulira. Mukayenda makilomita 50 mpaka 100, monga kuchoka pa boma kufika pa Chilumba, ayezedwenso.

Amakaniko ena akale adzati dzanja lawo limadziwa. Ndimawalemekeza, atitulutsa m'mavuto ambiri. Koma dzanja la m'mawa si lofanana ndi la madzulo dzuwa litawomba tsiku lonse, ndipo amene amamanga matayala kawirikawiri si bwanayo, ndi mwana wophunzira ntchito. N'zoona kuti mtengo wake ndi wowawa. Magalaja atatu oyandikana atha kusonkherana n'kugula imodzi, monga amabwerekanirana jeke. Inunso eni maminibasi, tayala likamangidwa funsani kuti amanga pa nambala yanji.