Chiganizo cha nthambi mwana amabwera nacho kuchokera kunyumba

Aphunzitsi anzanga, tsegulani buku la Chingerezi limene mukuphunzitsira, kaya muli ku Malawi, ku Zambia, ku Zimbabwe kapena ku South Africa, mupeze mutu wa ziganizo. Mabuku ambiri amausanja ngati makwerero: poyamba simple sentence, pakati compound sentence, pamwamba complex sentence. Ambirife timakwera makwererowo mokhulupirika. Timalemba tanthauzo pa bolodi, timapereka zitsanzo zitatu, kenako ntchito yoti ophunzira atchule mtundu wa chiganizo chilichonse. Ambiri amakhoza ndithu. Koma sabata yotsatira mukawapatsa chimangirizo, mumapeza tsamba lonse ladzaza "and then, and then", mpumiro uli umodzi wokha kumapeto. Ine ndikuti makwerero amenewa akutisocheretsa, chifukwa amatichititsa kuganiza kuti mwana sadziwa kulumikiza maganizo mpaka titamuphunzitsa ife m'Chingerezi.

Tamumvetserani mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi akufotokozera mnzake za dzulo: "Amayi atabwera kuchokera kumsika tinaphika nsima, koma ndiwo zinachepa chifukwa agogo anabwera ndi alendo." Werengani aneni: alipo anayi. Muli nthambi ziwiri zoima pazokha ndi ziwiri zosaima pazokha. M'buku la Chingerezi chiganizo chotere ndicho chapamwamba penipeni pa makwerero, chimene ena amachisungira a kusekondale. Mwanayu sanalowe n'komwe m'kalasi. Nthawi, chifukwa, kutsutsana, zonsezi amazigwiritsa ntchito akamadandaula, akamanama ndiponso akamakana kutumidwa. Chimene akusowa ndi njira yozinenera m'Chingerezi, ndipo pamenepo ndi pamene pali ntchito yathu. Katswiri wa maphunziro a zilankhulo ziwiri, Jim Cummins, anafotokoza m'chaka cha 1979 kuti luso limene mwana walipeza m'chilankhulo chimodzi limathandiza kumanga chilankhulo chachiwiri. Ife timaloweza mfundoyi polemba mayeso a kukoleji, koma tikafika pa mutu wa ziganizo timayamba ngati mwana wabwera chimanjamanja.

Chimene chimavuta n'chakuti Chichewa, chimene ena a inu mumachitchula kuti Chinyanja, chimabisa kalumikizidwe kake m'kati mwa mneni. Onani mawu awa: atafika, akafika, asanafike. Lililonse ndi liwu limodzi, koma lanyamula mwininkhani, mlumikizi ndi mneni nthawi imodzi. Chingerezi chimafuna mawu atatu osiyana: "when she arrived", "if she arrives", "before she arrives". Mwana akamasandutsa "atafika" kukhala Chingerezi, ayenera kuphwanya liwu limodzi n'kutulutsamo zinthu zitatu, ndipo palibe amene anamuuzapo kuti m'liwulo muli zinthu zitatu. N'chifukwa chake amalemba "When arrived, we ate." Sanaiwale mwininkhani mwaulesi. M'mutu mwake mwininkhani ali kale m'mneni, monga mmene amakhalira nthawi zonse. Mbali inayo, akamalemba "My mother she went to the market", wamasulira "Amayi anapita" mwachilungamo chonse, dzina palokha ndi mgwirizanitsi "a-" payekha.

Zolakwika zambiri zimene timachonga ndi cholembera chofiira zili ndi gwero lotere. Ife timati "Ngakhale anadwala, koma anabwera kusukulu", ndipo palibe amene angakudzudzuleni. Chingerezi chimakana "although" ndi "but" m'chiganizo chimodzi chotere, choncho "Although she was sick but she came to school" amalandira mtanda. Timati "mnyamata amene ndinamuona", ndipo "-mu-" uja amatulukira mu "the boy whom I saw him". Timati "akadzabwera tidzadya", nthawi ya m'tsogolo ili mbali zonse ziwiri, ndiye mwana amalemba "When he will come we will eat." Ndiponso "-ka-" wa mu "akafika" amagwira ntchito ya "if" ndi ya "when" yomwe, n'chifukwa chake ana athu amasokoneza mawu awiriwa mpaka ku Fomu 4. Nanga "and then" uja? Ndi mwana wa "n'ku-": anadzuka n'kusamba n'kuvala n'kupita. M'Chichewa nthano imayenda bwino chomwecho, ndipo agogo amene amasimba motero palibe amene amawachotsera malikisi.

Cholakwika chilichonse mwa zimenezi chikusonyeza kuti mwanayo akuyesa kumanga chiganizo cha nthambi. Amene walemba "although… but" ali patsogolo pa mnzake amene walemba ziganizo zisanu zazifupi zopanda cholakwika. Koma kachongedwe kathu kamapatsa wachiwiriyo malikisi ambiri, ndipo woyambayo amaphunzirapo kuti kuyesa n'kudziika m'mavuto. Pofika Sitandade 7 kapena Giredi 7 amakhala atasiya.

Tikamalankhula za chilankhulo cha kunyumba, ambiri amaganiza za chisokonezo chokha. Koma pali pena pamene Chichewa chimaunika bwino kuposa buku la Chingerezi lenilenilo. Ophunzira ambiri amauzidwa kuti compound sentence ndi chiganizo chimene chili ndi "and", ndiye akaona "Bread and sugar are expensive" amathamangira kunena kuti ndi compound. Afunseni kuti anene chiganizocho m'Chichewa: "Buledi ndi shuga zakwera mtengo." Tsopano apatseni "Bread is expensive and sugar is scarce": "Buledi wakwera mtengo ndipo shuga akusowa." Chingerezi chili ndi "and" mmodzi pa ntchito ziwiri, pamene ife tili ndi "ndi" wolumikiza mayina, ndi "ndipo" wolumikiza ziganizo. Mwana safunika kuloweza lamulo. Angodzifunsa kuti "and" ameneyu ndi "ndi" kapena "ndipo"? N'chimodzimodzinso ndi nthambi yosaima payokha. Lowani m'kalasi, munene kuti "Atafika", n'kukhala chete. Kalasi yonse ikufunsani kuti, "Atafika chinachitika n'chiyani?" Funso limenelo ndilo tanthauzo la subordinate clause. Mukatero, nenani "Because I was sick" n'kukhalanso chete, muone ngati sazindikira kuti chiganizocho chikadali panjira.

Mayina atatu aja nawonso amanamiza. Mwana akamva "simple" amaganiza kuti ndi chiganizo chachifupi, akamva "complex" amaganiza kuti ndi chachitali. Koma "The old man with the torn hat at the back of the bus fell asleep" ndi simple sentence ya mawu 15, pamene "I left because it rained" ndi complex sentence ya mawu 5. Ndakumanapo ndi aphunzitsi odziwa ntchito amene amatsutsana pa zitsanzo ngati zimenezi. Sikuti ndikuwaseka, mayinawo ndiwo anasankhidwa molakwika. Mayina athu a m'kalasi ya Chichewa, chiganizo chopanda nthambi ndi chiganizo cha nthambi, amanena zoona kuposa a Chingerezi, chifukwa amaloza pa chinthu chenichenicho chimene chikusiyanitsa.

Zoti kutchula mayina sikuthandiza kulemba si maganizo anga ndekha. M'chaka cha 1963, Richard Braddock ndi anzake awiri anaunika kafukufuku wa kalembedwe ku America n'kupeza kuti kuphunzitsa malamulo a galamala paokha sikusintha kalembedwe ka ophunzira, ndipo kungathe kuwononga chifukwa kumadya nthawi yolembera. M'chaka cha 1965, Kellogg Hunt anayerekeza zolemba za ana a Giredi 4, 8 ndi 12. Anapeza kuti ana aang'ono, ngakhale amene Chingerezi ndi chilankhulo chawo chobadwa nacho, amakonda kumangirira maganizo ndi "and", ndipo akamakula amayamba kulowetsa ganizo lina m'kati mwa linzake. Frank O'Hare, m'chaka cha 1973, anasonyeza kuti ophunzira a Giredi 7 amene anazolowetsedwa kulumikiza ziganizo zazifupi, popanda kuphunzitsidwa mayina a galamala, ankalemba bwino kuposa anzawo. Steve Graham ndi Dolores Perin atasonkhanitsa kafukufuku wambiri m'lipoti la Writing Next la 2007, kulumikiza ziganizo kunali m'gulu la njira zothandiza, pamene galamala yophunzitsidwa payokha sinathandize. Wina anganene kuti ana a ku America amenewo amalankhula kale Chingerezi, ndipo athu ayenera kuuzidwa malamulo. Pali choona pamenepo. Mwana wathu ayenera kuuzidwa poyera kuti "although" sayenda ndi "but", chifukwa khutu lake silimuuza. Koma amve lamulolo pamene chiganizo chake chili m'manja, akuyesa kunena chinthu.

Mungayambe ndi ziganizo ziwiri zokha pa bolodi: "It rained. We went to the garden." Pansi pake lembani "when, because, although, before, so, but". Gulu lililonse litenge liwu limodzi, lilumikize ziganizozo, kenako lifotokoze, m'chilankhulo chilichonse chimene lingathe, kuti nkhaniyo yasintha bwanji. Mwana wakumudzi amadziwa kuti "Because it rained, we went to the garden" ndi mvula yoyamba, anthu akuthamangira kukadzala. Amadziwanso kuti "Although it rained, we went to the garden" ndi tsiku limene aliyense akadakonda kukhala m'nyumba koma makolo anakakamiza. Ndipo "Before it rained" ndi nthawi yogalauza mizere, dzuwa likuswa mtengo. Mawu ndi omwewo, mlumikizi yekha ndiye wasintha, koma masiku ndi atatu osiyana. Phunziro lonse la complex sentence lili pamenepa, ndipo simunalembe tanthauzo ngakhale limodzi.

M'kalasi ya ana 100 simungachonge kope lililonse tsiku lililonse, ndikudziwa. Dulani katoni, mulembe nthambi iliyonse pa chidutswa chake, mlumikizi pa china, mpatuliro pa kena kakang'ono. Ana anayi aime kutsogolo atanyamula zidutswazo. Wonyamula "although" akasuntha ndi nthambi yake kupita kumapeto, wonyamula mpatuliro akhale pansi. Akabwerera kumayambiriro, aimirirenso. Itanani wachisanu wonyamula "but" ayese kulowa pamzerepo, kalasi imukanize. Pomaliza aliyense alembe ziganizo ziwiri zokha za iye mwini, za zimene zinachitika kwawo, n'kusinthana makope ndi mnzake. Ziganizo ziwiri pa mwana mungathe kuziyang'ana mukuyenda pakati pa mizere.

Nanga mayeso? Ili ndilo funso limene aphunzitsi amandifunsa kulikonse, ndipo ndi funso labwino, chifukwa mwana wanu akalephera mayeso a MANEB, a ECZ kapena a ZIMSEC, mfundo za Hunt ndi O'Hare sizimupezera malo ku sekondale. Mayinawo aphunzitseni, sindikuletsa. Koma abwere kumapeto, ana atamanga kale ziganizo zambirimbiri. Mwana amene wakhala masabata atatu akusuntha "although" ndi "because" amagwira dzina lakuti complex sentence m'mphindi khumi. Ndipo musaiwale kuti mayeso sali a Chingerezi chokha. Funso la sayansi kapena la masamu nthawi zambiri limakhala chiganizo cha nthambi: "If a trader buys… how much…", "Explain why…", "unless", "whereas". Ku South Africa, kwa zaka zambiri, ana ambiri akhala akuyamba kuphunzira maphunziro ambiri m'Chingerezi akafika Giredi 4, ndipo maiko athu enawa nawonso amafika pamenepo ana akadali ku pulayimale. Mwana amene sanagwire "unless" amalakwa samu imene akanaikhoza.

Chopinga china ndi lamulo la m'sukulu zambiri lakuti m'phunziro la Chingerezi musamveke chilankhulo china, mpaka kulanga ana ogwidwa akulankhula chakwawo. Cholinga chake ndikuchimvetsa, ana amve Chingerezi chambiri. Koma mphindi zitatu zoyerekeza "atafika" ndi "when she arrived" sizibera Chingerezi kanthu. Zimapulumutsa masabata ochonga cholakwika chomwechomwecho. Ngati akuluakulu a sukulu angakufunseni, awonetseni makope a ana musanayambe njirayi ndi pambuyo pake.

Inu amene m'kalasi mwanu muli ana a zilankhulo zingapo, monga ku Lusaka, ku Tete kapena ku Johannesburg, simukusowa kudziwa zilankhulo zonsezo. Lembani "When she arrived, we ate", mupemphe wa Chibemba, wa Chishona, wa Chisena, wa Chizulu, aliyense alembe chiganizocho m'chilankhulo chake pansi pake, ndipo aloze pamene pali "when" ndi pamene pali "she". Ena apeza kuti ndi liwu lapadera, ena apeza kuti zabisala m'mneni. Ku Mozambique, kumene ana amafika ku Chingerezi atadutsa kale m'Chipwitikizi, muli ndi mwayi wina: "quando", "porque" ndi "embora" ndi mawu oima paokha monga a Chingerezi, ndiye akhoza kukhala mlatho. Koma chenjerani, Chipwitikizi nachonso chimalola kusiya mwininkhani, choncho "When arrived" mudzamuonabe.

Mukatenga makope sabata ino, yesani kuchonga mosiyana pang'ono. Mukapeza "Although it was raining but we played", musaike mtanda pa chiganizo chonse. Chongani "although", zungulizani "but", ndipo m'mbali mulembe kuti asankhe limodzi. Kenako mufunse mwanayo kuti awerenge njira zonse ziwiri mokweza, ya "although" yekha ndi ya "but" yekha, anene imene ikugwirizana ndi zimene amafuna kunena.