Namondwe akathimitsa magetsi tisamangolozana zala

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo m'nyuzi yathuyi pa nkhani ya kuthima kwa magetsi nthawi ya mvula yamkuntho. Ine ndine mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, ndimakhala kuno kunsi kwa mapiri a Dedza, pakati pa Mtakataka ndi Golomoti, ndipo chandilembetsa kalatayi ndi mkangano umene ndidaumva pa siwa sabata yatha. Abambo awiri aulemu wawo adatsala pang'ono kugwirana m'makolala. Wina ati mdima wa mu 2022 udabwera ndi boma la Kongeresi, wina ati bodza, amene adaononga zonse ndi a DPP. Adakangana mpaka nsima idazizira. Koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene adafunsa mnzake kuti, kodi achimwene, mvula ikubwerayi mwagayitsa ufa wa masiku angati?

Poyamba tikumbutsane kumene magetsi athu amachokera. Ambiri mwa iwo amapangidwa pa mtsinje umodzi wokha, wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Nkula idayamba kugwira ntchito mu 1966. Ine ndidaphunzitsa zimenezi zaka zambiri, ndikujambula mapu pa bolodi monyadira, ana nkumaloweza maina atatuwa pokonzekera mayeso a Sitandade 8. Sindidawauzepo ngakhale tsiku limodzi kuti dziko lonse latsamira ndodo imodzi, pakuti nanenso sindinkaziona choncho.

Ndodoyo idathyoka pa 24 Januwale 2022. Namondwe wa Ana adadzaza Shire, madzi adagumula mbali ina ya damu la Kapichira m'boma la Chikwawa, ndipo mamegawati pafupifupi 130 adatayika nthawi imodzi. Limeneli lidali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi amene kampani ya EGENCO inkapanga. Kukonza kwake kudatenga chaka chathunthu ndi miyezi, mpaka mu 2023, ndipo padalowa ndalama za Banki Yaikulu ya Dziko Lonse. Kapichira asanayambenso kugwira ntchito, mu Malichi 2023 kudabwera Freddy, amene adapha ndi kusowetsa anthu oposa 1,000 kummwera. Apo makina a ku Nkula ndi Tedzani adachita kuimitsidwa dala, chifukwa madzi adadza ndi mitengo, zinyalala ndi mchenga zoti zikadalowa m'makina zikadaononga zonse.

Tsono abambo a pa siwa aja aiwala msanga. Mu 2017, nyanja itaphwera chifukwa cha chilala, magetsi ankathima tsiku lathunthu, ndipo pampando padali a Peter Mutharika. Boma lidachita kubwereka majenereta a dizilo, otsutsa nkumaseka pa misonkhano. Mu 2022 pampando padali a Lazarus Chakwera, ndipo amene ankasekedwa aja ndiwo adayamba kuseka. Chisankho cha mu Sepitembala 2025 chidabwezeretsa a Mutharika. Mbali zonse ziwiri zalamulirapo dziko lili mu mdima, ndipo mbali zonse ziwiri zanyozapo zinzake chifukwa cha mdima womwewo. Shire sadziwa mtundu wa nsalu imene munthu wavala.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti andale alibe mlandu. Mlandu ali nawo, ndipo ndi waukulu kuposa umene amapatsana pa nsanja. Kuyambira mu 1966 mpaka lero maboma onse akhala akudziwa kuti tadalira mtsinje umodzi, koma kufunafuna njira zina kwayenda ngati birimankhwe. Funso loyenera kumufunsa phungu wathu akabwera si lakuti adathimitsa magetsi ndani. Timufunse kuti ku Nyumba ya Malamulo wanenapo chiyani pa za magetsi ochokera kwina osati ku Shire, pa za mapolo amitengo amene chiswe chimadya, ndi pa za mphamvu yadzuwa m'zipatala zazing'ono za kumudzi. Akayamba kutchula chipani chinzake, mumubweze ku funsolo mwaulemu, monga momwe tinkachitira ndi mwana wozemba samu.

Pali chinthu china chimene chimasokoneza anthu kwathu kuno. Pa Golomoti pompano pali munda waukulu wa magalasi a sola wa kampani ya JCM Power, umene udayamba kugwira ntchito mu 2022. Umapanga mamegawati 20 ndipo uli ndi mabatire akuluakulu osungira mphamvu. Anthu amafunsa kuti bwanji ife oyandikana nawo timagona mu mdima magalasi tikuwaona ndi maso? Ena mpaka amati pali chinyengo. Ayi ndithu. Magetsi a pamenepo amalowa m'nthambo za dziko lonse monga momwe madzi a Livulezi amalowera m'nyanja. Simungapite kugombe ndi ndowa nkunena kuti nditungeko a Livulezi okhaokha. Komanso polo limodzi likagwa pakati pa siteshoni ndi mudzi wanu, kaya magetsi apangidwe ochuluka bwanji, kwa inu safika. Chimene ndingapemphe ine nchakuti akatswiri aganizire njira yoti chipatala cha ku Mua ndi zipatala zina zapafupi zizikhala ndi mphamvu yawoyawo yosadalira nthambo zazitali.

Vutoli si la osauka okha. Mu Febuluwale 2021 ku Texas, m'dziko la America, kudagwa chisanu choopsa, magetsi adathima m'nyumba mamiliyoni ambiri kwa masiku angapo ndipo anthu oposa 200 adafa. Andale akumeneko nawonso adathamangira kuloza chala makina opanga magetsi ndi mphepo, pamene kafukufuku adadzapeza kuti vuto lalikulu lidali mapaipi ndi makina a gasi amene adaundana ndi kuzizira. Ena mwa omwalirawo adafa ndi mpweya woipa poyesa kudzifunditsa ndi moto kapena majenereta m'nyumba zotseka. Ngati zidachitika kwa eni chuma, nanga ife?

Tsopano ndinene za kunyumba kwanga, pakuti sindikufuna kuoneka ngati wochenjera kuposa ena. Nthawi ya Freddy ine ndidagwidwa njakata. Chimanga m'matumba chidalipo chokwanira, koma ufa m'nyumba udali wa masiku awiri okha. Chigayo chidaima. Mayi akunyumba adatulutsa mtondo umene udakhala zaka kuseli kwa khitchini, ndipo adzukulu athu awiri, amene adabadwa chigayo chili kale pa msika, adagwira munsi koyamba m'moyo wawo. Pofika madzulo manja adali matuza okhaokha. Izi nzazing'ono. Chimene sindidzaiwala nchakuti mwana wathu wamwamuna amakhala ku Blantyre, kufupi ndi phiri la Soche kumene matope adakwirira nyumba za anthu ku Chilobwe, ndipo foni yanga idali itathima moto. Kasola ka mnansi wathu sikadathandize chifukwa kumwamba kudali mitambo yokhayokha. Wailesi yanga idalipo koma mabatire adali atavunda mkati. Tidakhala masiku atatu osadziwa ngati mwana ali moyo. Mayi ake sankagona, ankangokhala pakhonde. Tsiku lachitatu ndidayenda wapansi kukafika kwa mnyamata wometa amene adali ndi jenereta, ndidaima pamzere maola awiri, ndipo foni itayaka ndidapeza uthenga wakuti onse ali bwino, athawira pasukulu. Pobwerera ndidadzifunsa kuti kodi pamenepa ndikwiyire nduna iti? Mabatire aja adawaiwala mu wailesi ndi ine.

Ena anena kuti, aphunzitsi, nkhani ya magetsi ndi ya anthu am'tauni, ife sitidalumikize nkomwe. Nzoona kuti kalembera wa mu 2018 adapeza kuti mwa nyumba 100 zilizonse, pafupifupi 11 zokha ndizo zinkaunikira magetsi, ndipo kumudzi chiwerengero chidali chotsika kwambiri. Koma amene alibe babu m'nyumba amagayitsabe kuchigayo. Mwana wake amabaidwa katemera wosungidwa mu filiji. Mpongozi wake amachira usiku kuchipatala, kumene anamwino ena amachita kuunikira ndi foni. Ndalama zimene mwana wake watumiza kuchokera ku Johannesburg zimadzera pa foni, ndipo nsanja ya netiweki ikathima, ndalamazo mumangozimva kuti zilipo koma mchere simugula. Kumene madzi amapopedwa ndi magetsi, mipopi ikauma anthu amabwerera kudambo. Tisaiwale kuti kolera imene idayamba mu Malichi 2022, anamondwe atangodutsa, idapha anthu oposa 1,700, ndipo madera am'mbali mwa nyanja adali m'gulu la amene adavutika kwambiri.

Chotero ine ndikuti mwezi wa Novembala usanathe, banja lililonse ligayitse ufa wa masabata awiri ndi kuusunga pouma, pamwamba, osati pansi pamene madzi amalowa. Mtondo musaugulitse kapena kuwaza nkhuni. Wailesi ya mabatire ikhale yamoyo, mabatire ena osungidwa papepala pambali, chifukwa a zanyengo amachenjeza masiku angapo namondwe asanafike, ndipo za Ana ndi Freddy adanena ndithu, ife ndiye tidamva mochedwa. Mukamva chenjezo, tchajani mafoni onse ndipo imodzi muithimitse kuti idzagwire ntchito tsiku latsoka. Manambala a ana anu muwalembe m'kope, pakuti ambiri a ife sitiwadziwa pamtima. Kandalama kochepa kakhale m'thumba la chitenje. Madzi akumwa, mankhwala othira m'madzi, machesi okulungidwa m'pepala lapulasitiki, zonsezi sizifuna boma. Amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, a shuga, a magazi kapena ma ARV, asadikire mpaka atsale awiri, chifukwa mlatho ukakokoloka ulendo wakuchipatala umatha. Ndipo mayi woyembekezera amene masiku ake ayandikira apite msanga akadikirire kuchipatala, mitsinje isanadzaze.

Zinthu ziwiri ndizitsindike chifukwa zimapha. Choyamba ndi mbaula. Kukazizira, kaya ndi mvula ya masiku ambiri kaya ndi mwera wa mu Juni, anthu amalowetsa mbaula ya makala m'chipinda nkutseka zitseko ndi mazenera. Mpweya wa makala suoneka, sununkha, munthu amangomva tulo ndi mutu, kenako osadzukanso. Chachiwiri ndi nthambo yogwa pansi. Ana amaiona ngati waya wopangira galimoto, akulu ena amaiona ngati chingwe choyanikira zovala. Magetsi akhoza kubwerera nthawi ina iliyonse popanda wokuuzani, ndipo nthaka yonyowa imawatenga patali. Aphunzitsi anzanga amene mukadali pantchito, nenani zimenezi pa asembule, sizitenga mphindi zisanu.

Palinso mlandu wina umene sitiutchula pa siwa chifukwa ndi wathu. Magetsi akathima m'tauni makala amakwera mtengo, ndipo anyamata athu amakwera phiri ndi nkhwangwa kulowa m'nkhalango ya Mua-Livulezi. Yendani pa msewu wa M5 muone matumba a makala atandandalika. Phiri likayera, madzi amatsika ndi liwiro, amakokolola minda, milatho ndi mapolo omwe. Anzathu a ku Ntcheu, Balaka ndi Neno achita chimodzimodzi, ndipo dothi lawo ndi lija limakatseka makina pa Shire. Sindikuweruza mnyamata wosowa sopo, nanenso makalawo ndagulapo. Ndikungoti pamene tikuwerenga milandu ya atsogoleri, uwu tiulembenso m'kope lomwelo.

Kwa inu abambo ansembe, abusa ndi mashehe, pempho langa ndi ili. Inu muli ndi chimene phungu alibe: anthu amakhala pansi nkukumverani sabata iliyonse. Pa zolengeza za mu Novembala ndi Disembala ikanipo mawu awiri a ufa, wailesi ndi mbaula. Miphakati ndi mabungwe a amayi alembe maina a nkhalamba zogona zokha ndi olumala, kuti madzi akadza usiku tidziwe khomo loyamba kugogoda. Parishi kapena mpingo umene uli ndi sola padenga ulengezeretu kuti tsiku latsoka anthu a zipembedzo zonse adzatchajirapo mafoni, ndipo ugwirizane ndi mafumu kuti ndi tchalitchi kapena sukulu iti ya pamtunda imene anthu a kudambo adzathawireko.

Abambo awiri aja ndidawapeza mmawa tikuchokera kumanda, ndidawafunsa za ufa. Wina adaseka nkunena kuti zimenezo nza amayi. Winayo adati agayitsa akagulitsa mpunga. Ine matumba anga awiri apita kuchigayo Lachiwiri lapitali, ndipo mabatire ndawapachika pa msomali pafupi ndi kalendala.

Mphunzitsi wamkulu wopuma,
Mtakataka, Dedza.