M'malire mwa dimba mukhale tembusha

Pa 29 February 2024, Mtsogoleri wa dziko lino, Bambo Hakainde Hichilema, analengeza kuti chilala cha chaka chimenecho chinali tsoka la dziko lonse. Chimanga cha pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chinauma chisanabereke. Kuno ku Lusaka, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri, mapampu ankaima, ndipo amayi a m'Kalingalinga ankalawirira m'bandakucha ndi zigubu zawo. Madzi a malita 20 amene munthu wagula n'kusenza pamutu sangathiridwe pa kapinga kapena pa maluwa okongoletsa pakhomo. N'chifukwa chake ife tikuti mlimi wa m'komboni, amene munda wake ndi kamalo ka kuseri kwa nyumba, abzale tembusha m'malire mwake.

Sitikunena tembusha wa m'sopo ndi m'mafuta odzola, Aloe vera, amene kwawo ndi ku Arabia. Zambia ali ndi mitundu yakeyake, ndipo umodzi mwa iyo ndi Aloe chabaudii, womera pamiyala m'mapiri. Masamba ake onenepa amasunga madzi, ndipo timabowo take topumira timatseguka usiku kukazizira, kotero kuti dzuwa la October silimuumitsa. Amaphukira ana m'mbali mpaka kukhala chitsamba chogwirana. M'miyezi yozizira, thengo litauma, amatulutsa maluwa ofiira okhala ndi timadzi totsekemera.

Maluwa amenewa amaitana choso. Ambiri taona pa Facebook kambalame kotchedwa hummingbird, koyandama m'malere pamene kakuyamwa duwa. Kameneko kamapezeka ku America kokha. Wathu ndi choso, wa mlomo wautali wokhota, amene kawirikawiri amatera paphesi n'kumayamwa. Choso sadya timadzi tokha. Amagwiranso tizilombo ting'onoting'ono ndi akangaude, makamaka pamene akudyetsa ana. Sitikulonjeza kuti adzamaliza nsabwe za pa repu wanu, koma dimba limene mbalame zimalizolowera lili ndi alonda osafuna malipiro. Njuchi nazo zimapeza chakudya pa tembusha m'nyengo imene maluwa ena asowa, ndipo ndi njuchi zomwezo zimene zimabereketsa maungu ndi nkhaka mvula ikabwera.

Ena adzati malo ndi ochepa, ndipo phazi lililonse la nthaka liyenera kubala ndiwo. Mawu amenewa ndi oona pakati pa dimba. Koma m'mphepete mwa chipupa, pamene pali miyala ndi zidutswa za simenti, repu sakula. M'malo otere mabanja ambiri amasiya lantana, chitsamba chochokera ku America chimene tinachilandira chifukwa cha maluwa ake. Masamba a lantana amawononga chiwindi cha ng'ombe, zipatso zake zosapsa ndi zoopsa kwa ana, ndipo mbalame zimamwaza njere zake mpaka m'mabusa. Amene mudzabwerere kumudzi maphunziro akatha, musatenge chitsamba chimenechi.

Kubzala tembusha n'kosavuta. Pemphani ana a tembusha kwa mnansi amene ali naye, musakazule m'phiri, chifukwa m'phirimo ndi m'nkhokwe mwa mbewu yathu. Dulani mwana wokhala ndi mizu, mumusiye pamthunzi masiku atatu kapena anayi kuti bala liume, kenaka mubzale. Mdani wake wamkulu ndi madzi odikha, ndipo tonse tikudziwa mmene Kalingalinga amadzalira madzi mu January ndi February. Choncho kwezani mzere, kapena dzazani tayala lakale ndi dothi losakaniza ndi mchenga ndi timiyala. Thirirani pang'ono kamodzi pa sabata kufikira atagwira, ndipo kuyambira pamenepo mvula yokha imukwanira. Zaka zikapita adzakupatsani ana ambiri, oti mugawire ena kapena kugulitsa m'timiphika m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata.

Tichenjezane pa chinthu chimodzi. Anthu ambiri amamwa tembusha ngati mankhwala a matenda onse. Utomoni wake wachikasu umatsegula m'mimba kwambiri, ndipo mayi woyembekezera asaumwe. Amene amathira masamba ake m'madzi a nkhuku adziwenso kuti chitopa chimatetezedwa ndi katemera.

M'maphunziro athu timaphunzira kuti nthaka ndi zomera tinapatsidwa ndi Mlengi kuti tizisamalire. Kusamala kumeneko kumaonekera pa zimene timasankha kubzala pakhomo. Chilala chidzabweranso, ndipo chomera chimene sichipempha madzi a m'chigubu cha ana athu chiyenera kupatsidwa malo. Mvula isanayambe, aliyense wa ife apeze ana a tembusha asanu ndi kukweza mzere wake.