MUTU USENZA ZINAI CABE

Mlimi wa ku Bundabunda potumiza ndalama pa lamya, manambala 10 aja amamthawa asanamarize kulemba, ndipo ndalama zingagwere mlendo. Si ukalamba ai. Mu 1956 George Miller anati maganizo agwira zinthu ngati 7 nthawi imodzi. Nelson Cowan mu 2001 anati ziri ngati 4 cabe.

Koma cimene munthu anacisunga kale m'mutu cibwera monga mtolo umodzi. Wodziwa kuti 097 ndi ya Airtel saisenza ngati zitatu, motero malo atsalako a zinazo. Ndimo acitira katswiri wa nsolo: sawerenga mwala uliwonse, angozindikira kaikidwe kamene anakaona kambiri. Tsono nambala yacilendo idulidwe patatu, ndipo wina akamlankhulitsa pakati, mlimi aiyambirenso.