MADZI A LAIMU KU BALAKA: TISAMALE ZIPANGIZO, TISATHAWE MPOPI

Chitukuko chikafika pamalo chimabwera ndi udindo wake. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Lero mabanja ambiri m'tauni ya Balaka ali ndi magetsi, ndipo agula maketulo, simbi za nthunzi, ena mpaka magiza otenthetsera madzi osamba. Zimenezi nzonyaditsa. Koma pali mdani wina amene akudya zipangizozi mwakachetechete ngati chiswe, ndiye nkhoko yoyera ija imene imamatirira m'ketulo ndi kutseka timabowo ta shawa.

Anthu ena akaona nkhoko imeneyi amati madzi ngoipa, ena amati wasitolo anawagulitsa katundu wachinyengo. Tiyenera kuwauza zoona. Boma la Balaka lili ndi miyala yambiri ya laimu, monga ya m'mapiri a Chenkumbi kumene anthu akhala akuotcha njereza kwa zaka zambiri. Mvula ikalowa pansi ndi kudutsa m'miyala yotere imasungunula mchere wa mitundu iwiri, wa calcium ndi wa magnesium. Madzi a m'zitsime zakuya amatuluka ndi mchere umenewu, ngakhale kuti pamaso amaoneka oyera mbee. Tikukumbukanso kuti pamene damu la Mpira ku Ntcheu linauma mu 2018, anthu a ku Balaka anadalira kwambiri madzi a pansi pa nthaka.

Madziwa akatenthedwa, laimuyo amapatuka nkukhala pa chitsulo chotenthetsera. Nkhoko ikakula, kutentha kumalephera kudutsa bwino, chitsulocho chimatentha mopitirira muyeso, ndipo mapeto ake chimapsa. Bambo amene anasunga ndalama miyezi ingapo kuti agule giza amapezeka akuitananso mmisiri. Mayi wochapa amaona sopo akutha koma thovu osaoneka, chifukwa mchere uja umagwirana ndi sopo nkupanga litsiro lotuwa. Imeneyi ndi ndalama ya banja imene ikutayika, ndalama imene ikanagula feteleza kapena kulipira sukulu ya mwana.

Akatswiri amayeza laimuyu pa lita imodzi ya madzi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti akapitirira mamiligalamu 200 pa lita, nkhoko imayamba kupangika m'mipope ndi m'zotenthetsera. Koma bungwe lomwelo silinaike malire a zaumoyo pa laimu, popeza pa mlingo umene amapezeka m'madzi akumwa saopseza moyo wa munthu.

Mfundo imeneyi tikufuna kuti aliyense aimvetse. Munthu asasiye madzi a pampopi kapena a pamjigo nkupita kukatunga kumtsinje ati chifukwa kumeneko sopo amachita thovu. Thovu si chizindikiro cha ukhondo. Dziko lino silinaiwale mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 umene unapha anthu oposa 1,700. Ketulo akapsa timagula wina, koma mwana akapita sabwerera.

Nanga tichite chiyani? Choyamba, ketulo azitsukidwa kawirikawiri. Thiranimo madzi osakaniza ndi viniga kapena madzi a mandimu, muwiritse, mudikire kanthawi, kenaka mutsukuluze bwino. Nkhoko imasungunuka yokha, ndipo simuyenera kuipala ndi mpeni. Chachiwiri, amene ali ndi giza aichune pa madigiri 60, chifukwa kupitirira pamenepo nkhoko imakula msanga, pamene kutsitsa kwambiri kumapatsa mpata tizilombo toyambitsa matenda. Chachitatu, nyengo ya dzinja tizikolola madzi a padenga m'migolo yovundikira. Madzi amvula alibe laimu, choncho ngabwino kuchapira ndi kuthira m'simbi. Tidziwenso kuti klorini amapha tizilombo koma sachotsa laimu, ndipo kuwiritsa sikuchotsa mchere wa madzi owawa.

Udindo wina uli ndi akuluakulu. Bungwe la Southern Region Water Board, limene linakhazikitsidwa potsata lamulo la Waterworks Act la mu 1995, ndilo limagawa madzi m'tauniyi. Tikulipempha kuti zotsatira za kuyeza madzi lizizipachika poyera, m'Chichewa, pamalo olipirira mabilu, kuti wogula giza adziwiretu madzi amene akhale akulowamo. Amasitolo nawo azilangiza makasitomala awo, osangolandira ndalama. Mafumu, makhansala ndi alangizi a zaumoyo afalitse uthengawu pamisonkhano yawo, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Kugula katundu ndi chiyambi chabe cha chitukuko. Banja lotukuka ndi limene limadziwa kusamala chimene lagula ndi thukuta lake. Tiyeni tonse, amayi ndi abambo, tigwirane manja pa ntchito imeneyi.