ZICTA itiuze za netiweki ya kumidzi

Masiku ano mlimi wa FISP sangatenge feteleza popanda foni. Akalipira K400 yake, nambala yotengera zipangizo imabwera pa uthenga wa pa foni, ndipo SIM iyenera kukhala ya dzina lake. Boma ndilo linakonza zimenezi: lamulo lolembetsa SIM linabwera mu 2011, e-voucher inayamba mu 2015, ndipo kucokera mu January 2024 timalipira msonkho tikatumizirana ndalama pa foni. Sitikutsutsa. Koma ngati boma laika ulimi wathu pa foni, netiweki ya kumudzi yasanduka udindo wake, monga mlatho kapena cipatala.

Ambiri a ife sitidziwa kuti njira yake inakonzedwa kale. Lamulo la 2009 limene linakhazikitsa ZICTA m'malo mwa Communications Authority linakhazikitsanso thumba lochedwa Universal Access and Service Fund. Makampani a foni amaponyamo gawo la ndalama zao, kuti nsanja zimangidwe kumene iwo sangapite paokha cifukwa anthu ndi ocepa ndipo phindu ndi locepa. Ndalamazo zimacokera m'matumba athu omwe, tikagula talktime.

Nsanja zamangidwa ndithu, ndipo tikuthokoza. Koma nsanja kuima n'kwina, kugwira nchito n'kwinanso. Tinaona mu 2024, madzi atacepa ku Kariba: magetsi akapita, netiweki nayo inali kupita, nthawi zina tsiku lonse. Ndipo mpaka lero kuli midzi kumene amai amakwera pa culu foni ili m'mwamba kuti uthenga ulowe. A m'tauni amaseka akamva izi. Sangaseke atakhala kuti uthengawo ndi wa feteleza, mvula yagwa kale, ndipo kwa agro-dealer ndi ulendo wa njinga wa theka la tsiku.

Conco tikupempha ZICTA isindikize caka ndi caka, m'zilankhulo zathu ndiponso pa mawailesi a m'madera, ndalama zimene zalowa m'thumbali, midzi imene yalandira nsanja ndi imene ikudikira. Nsanja ya kumudzi isavomerezedwe popanda sola ndi mabatire okwanira usiku wonse.

Inunso a makopaletivi ndi a m'miphakati, musangodandaula pa citsime. Lembani maina a midzi yopanda netiweki, masiku amene inazima, a mfumu asaine, kalatayo ipite kwa khansala, kwa phungu wanu ndi ku ZICTA, nyengo yogawa zipangizo isanafike.