Kuyerekeza miyambo sikupikisanitsa anthu

Pakati pa Achewa ambiri mwamuna amakakhala chikamwini kwa mkazi, ndipo munda umatsata mbumba. Kwa Angoni a ku Mzimba amapereka malowolo, ana nakhala a bambo. Kuika miyambo yotere pambalipambali, n'kufunsa chifukwa chimene imasiyanirana ndi pomwe ikufanana, ndiwo maphunziro otchedwa ethnology pa Chingerezi. Mbiri ya mzinda wa Cape Town, ku South Africa, ikusonyeza kuti maphunzirowa angathe kulemekeza anthu kapena kuwanyazitsa.

Kuyambira mu 1870, katswiri wa zinenero wa ku Germany, Wilhelm Bleek, ndi mlamu wake Lucy Lloyd ankasunga kunyumba kwawo ku Mowbray anthu a mtundu wa San otengedwa kundende ya Breakwater. Mmodzi mwa iwo, mkulu wotchedwa //Kabbo, adakhala nawo kuchokera mu 1871 mpaka 1873, akuwaphunzitsa nthano, mbiri ya makolo ndi nzeru za ulenje. Ngakhale adafika monga akaidi, anthuwa ndiwo adali aphunzitsi. Bleek atamwalira mu 1875, Lloyd adapitiriza mpaka 1884. Zolembedwazo zidaposa masamba 12,000, ndipo mu 1997 bungwe la UNESCO lidaziika m'kaundula wa zolembedwa zofunika padziko lonse. Chinenero chawo cha /Xam chidatha, komabe mawu apachizindikiro cha dziko la South Africa, chokhazikitsidwa mu 2000, ali m'chinenerochi.

Mumzinda womwewo munali njira ina. Pakati pa 1907 ndi 1924, nyumba yosungiramo zakale ya South African Museum inkaumba zifanizo kuchokera pamatupi a anthu amoyo a mtundu wa San. Zifanizozo zidaonetsedwa m'nyumba imodzi ndi nyama zakuthengo, ngati kuti eniake ndi otsalira a kalekale. Chionetserocho chidatsekedwa mu 2001 anthu atadandaula kwa zaka zambiri.

Njira yoyamba idamvetsera, yachiwiri idangoyang'ana. Mlangizi aliyense wa chitukuko amasankha pakati pa njira ziwirizi akafika pamudzi. Wobweretsa mbande za mitengo kumudzi wa chikamwini angadabwe kuona abambo ena akuzengereza, n'kuwayesa aulesi. Akadafunsa, akadamva kuti mkamwini amaopa kubzala mtengo panthaka imene angaisiye ukwati ukatha, ndiponso kuti nkhani ya munda imafunika amayi ndi atsibweni. Ntchito yomwe idayenda bwino ku Mzimba ingagwe ku Dedza, mbewu ndi mvula zili bwinobwino.

Choncho mlangizi wanzeru amayamba wadziwa mwini munda, mwini nkhokwe ndi woyenera kuyankhula pabwalo, asanatulutse kope lolembamo mayina. Mlimi naye asachite manyazi kufotokoza mwambo wake, pakuti pankhaniyi mphunzitsi ndi iyeyo. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.